New York uli wekha: basi ya alendo kapena subway, boti lolipira kapena laulere

Tsiku langa loyamba ku New York linathera pamwamba pa basi yopanda denga, zija za alendo zimene amati umatsika pomwe wafuna n'kudikira ina ikutole. Unali mwezi wa Novembala. Ndinalipira madola oposa 50, anandipatsa timahedifoni tomvera mbiri ya nyumba zomwe tikudutsa, n'kunyamuka bwinobwino. Titafika cha ku Times Square basi ija inangoima chiimire. Magalimoto anali atapanikizana. Mawu a m'makutu aja anafotokoza nyumba imene tinali tisanaifike mpaka kumaliza, kenako anayamba kuliza nyimbo. Mphepo inkalasa mpaka m'mafupa. Nditasuzumira pansi ndinaona mayi wina akukankha mwana m'kangolo, anatipitirira, ndipo sitinamupezenso.

Sikuti basiyo ndi yachabechabe ayi. Ngati mawondo akukuvutani, kapena mwangotsika ndege ndipo mutu ukadali wozungulira, maola awiri pamwamba paja amakuonetsani mmene mzinda unakhalira, kuti Central Park ili uku, mitsinje ili uko. Komanso mukakhala gulu, kuchedwa pamsewu kumasanduka macheza. Koma uli wekha palibe wocheza naye, umangoyang'ana wotchi. Chowawa china n'choti ukatsika kuti uone malo, basi yotsatira ikhoza kubwera yodzaza, iwe n'kutsala pamphepo tikiti ili m'manja.

Mawa lake ndinalowa pansi. Subway ya ku New York, sitima zoyenda pansi pa nthaka, inayamba mu 1904, ili ndi masiteshoni 472 ndipo imayenda usana ndi usiku. Ulendo umodzi ndi pafupifupi madola atatu, kaya mutsika pa siteshoni yotsatira kaya mupita mpaka kunyanja ku Coney Island. Kulipira kwake mumangogunditsa khadi la kubanki kapena foni pageti, njira imene amaitcha OMNY, ndipo mukakwera maulendo 12 m'masiku 7 ndi khadi lomwelo, otsalawo simulipiranso mpaka masikuwo athe. Ingofunsani kubanki kwanu musananyamuke ngati khadi lanu lili logunditsa komanso lololedwa kugwira ntchito kunja. Kunena za ndalama, apa palibe mpikisano: mtengo wa basi ya alendo tsiku limodzi ukhoza kukuyendetsani pa subway sabata yathunthu.

Koma subway imafuna kuidziwa, ndipo ine ndinaiphunzira molipira. Ndinkafuna kupita ku American Museum of Natural History, pa 81st Street. Ndili pa 59th Street kunabwera sitima ya A, ndinaona kuti ikulowera kumene ndikupita, ndinakwera. Siteshoni yanga ndinangoiona pawindo ikudutsa ngati mphezi. Sitimayo inakaima pa 125th Street, ku Harlem. A ndi express, imadumpha masiteshoni ang'onoang'ono; ine ndinkayenera kudikira C, imene ndi local, yoima paliponse. Mawu ena awiri oti muwasunge ndi uptown ndi downtown, kutanthauza kulowera kumpoto kapena kumwera kwa Manhattan, chilumba chimene chili pakati pa mzindawu. Masiteshoni ena khomo la uptown lili tsidya lina la msewu, la downtown tsidya lina, moti mukalowa kolakwika mutuluka n'kukalipiranso. Werengani chikwangwani musanatsike masitepe.

Za chitetezo anthu amakokomeza, koma pali zizolowezi zimene eni mzinda amatsatira. Osaima kumphepete kwenikweni kwa pulatifomu. Usiku kwerani bogi yapakati, muli kondakitala. Ndipo sitima ikabwera yodzaza koma bogi imodzi ili mbee, musasangalale kuti mwapeza mpando. Pali chifukwa chake, ndipo nthawi zambiri mphuno ndi imene imakuuzani chitseko chitatsekeka kale.

Vuto la subway n'lakuti pansi simuona kanthu. N'chifukwa chake ine ndimaiyesa yongonditula, zotsalazo ndi mapazi. Manhattan anaidula ngati mizere ya m'munda kuyambira pa pulani ya 1811: ma street amapingasa, manambala ake akukwera mukamapita kumpoto, ma avenue amatsata utali wa chilumbacho. Ma street 20 ndi pafupifupi kilomita imodzi ndi theka. Munthu sungasochere kwenikweni, kupatula kumunsi ku Greenwich Village ndi ku Wall Street, kumene misewu ili ndi mayina ndipo imakhota mmene yafunira. Apa ndi pamene kukhala wekha kumakoma. Palibe wodandaula kuti watopa, palibe woti tiime tigule chakuti. Ndinayenda High Line yonse, njanji yakale yapamwamba imene anaisandutsa munda wa maluwa, makilomita awiri ndi pang'ono, osalipira kalikonse.

Tsopano nkhani ya Statue of Liberty, chiboliboli chachikulu cha pa Liberty Island chimene aliyense kumudzi adzakufunsani ngati munachiona. Njira zilipo ziwiri ndipo zimayambira malo oyandikana, kumapeto kwenikweni kwa Manhattan.

Yoyamba ndi Staten Island Ferry, maboti akuluakulu a mtundu wa lalanje amene amanyamula anthu opita ndi kuchokera kuntchito. Ndi aulere kuyambira 1997, amayenda usana ndi usiku, ndipo ulendo wochoka pa Whitehall Terminal kukafika pa St. George umatenga mphindi 25. Pochoka ku Manhattan imani mbali ya kudzanja lamanja, kunja, chiboliboli chija mudzachidutsa chili poteropo. Mukafika tsidya linalo aliyense amatsika, mumazungulira m'holo n'kukwera lobwerera. Ola limodzi nkhani yatha. Chenjerani ndi anyamata ovala mavesiti amene amaima panjira yolowera kumeneko akugulitsa matikiti. Mmodzi anandiima kutsogolo n'kundiuza motsimikiza kuti popanda tikiti yake sindikwera. Boti laulere lilibe tikiti. Ingodutsani osayankha.

Yachiwiri ndi boti lolipira la Statue City Cruises, lokhalo lololedwa kukocheza pa Liberty Island ndi pa Ellis Island. Limanyamukira ku Battery Park, tikiti yake ndi madola oposa 20, amakusechani ngati pabwalo la ndege, ndipo mzere wake masana umatopetsa. Konzekerani kutaya theka la tsiku. Mukafika mumaima pansi pa chibolibolicho penipeni, n'kuona kukula kwake: mamita 93 kuchokera pansi kufika pa muuni. Ndi mphatso yochokera ku France, ya mmisiri Frédéric Auguste Bartholdi, imene anaitsegulira mu 1886. Kukwera kuchokera kumapazi ake mpaka kuchisoti ndi masitepe 162 opanikiza, ndipo matikiti ake amatha miyezi ingapo tsiku lisanafike. Zikwama salola kukwera nazo, ndiye poti mulibe wokugwirirani, muzisiya mu loka.

Chikanakhala chiboliboli chokha, ndikanati kwerani laulere basi. Chithunzi cha pafoni chimatuluka chaching'ono, inde, koma maso amakhuta, ndipo pobwerera mumaona nyumba zitalizitali za Manhattan zikukula pang'onopang'ono kutsogolo kwanu. Chimene chimandisinthitsa maganizo ndi Ellis Island. Pakati pa 1892 ndi 1954 anthu oposa 12 miliyoni anadutsa pachilumba chimenecho polowa mu America. Madokotala ankawayang'ana akukwera masitepe, wokayikitsa ankamulemba choko pa malaya, ndipo pafupifupi awiri mwa anthu 100 alionse ankabwezedwa kumene achokera. Munthu amene anakhalapo pa benchi kudikira kuitanidwa pa nkhani ya viza, mapepala ali m'manja, mtima uli m'mwamba, holo yaikulu ya kumeneko amaimva mwina. Ndinakhala mmenemo pafupifupi maola awiri ndikuwerenga zolembedwa m'makoma ndi kuyang'ana masutikesi akale, ndipo ndinathokoza kuti panalibe wondikoka dzanja kuti tiye boti litisiya. Muli ndi tsiku limodzi lokha, kwerani la lalanje. Muli ndi atatu, lipirani, ndipo mutenge boti loyamba m'mawa.

Za kukwera pamwamba kukaona mzinda, malo onse amadula, madola 40 kapena kuposa, ndipo nthawi yolowa dzuwa ambiri amawonjezera. Mukayamba kusandutsa ndalamazo m'makwacha mumtima simukwera, ndiye sankhani amodzi basi. Empire State Building, ya 1931, ndi imene ili ndi dzina, ndipo pa nsanjika ya 86 mumaima panja mphepo ikukuombani. Koma taganizani: mukakhala pamwamba pake, Empire State yomweyo simuiona. Top of the Rock, pa nsanjika ya 70 ku Rockefeller Center, ndi yofupikirapo, koma kumwera Empire State ili pamaso panu ndipo kumpoto Central Park yangoti tantha ngati mphasa yobiriwira. One World Observatory ili kumunsi kwa mzinda, pa nyumba yotalika mamita 541, imaonetsa bwino doko ndi milatho, koma muli m'kati mwa galasi monse, ndipo usiku pachithunzi pamatuluka nkhope yanu yomwe. Edge ku Hudson Yards, imene inatsegulidwa mu 2020, ili ndi kachigawo ka pansi pagalasi poti muyang'ane msewu kuchokera pa nsanjika ya 100. Nzokoma ngati pali wokuseka ukamanjenjemera. Ine ndinasankha Top of the Rock ndipo ndikanasankhanso. Munthu mmodzi amalowa pampata uliwonse pagalasi, pamene banja la anthu asanu likudikira kuti malo apezeke.

Makhadi aja ophatikiza malo ambiri pamtengo umodzi amapindulitsa munthu amene akufunadi kulowa malo olipira anayi kapena asanu. Kupanda kutero amangokuthamangitsa kuti ndalama isapite pachabe.

Kudya nakonso kuli pawiri. Mu lesitilanti yokhala pansi, pamtengo wolembedwa amawonjezerapo msonkho, kenako tipu ya 18 mpaka 20 peresenti imene simungaizembe. Pa ngolo za m'mbali mwa msewu mumagula mpunga wa nkhuku kapena chidutswa cha pizza m'sitolo yapakona, n'kukadyera pa benchi. Palibe amene amadabwa ndi munthu wodya yekha mumzinda umenewu. Ine ndinkakonda Bryant Park, kuseri kwa New York Public Library, chifukwa pali mipando yambiri komanso chimbudzi chaulere chosamalidwa bwino, chinthu chosowa kwambiri ku Manhattan. Mukachipeza lowani, ngakhale musanamve kufuna.

Brooklyn Bridge ndinaisiyira m'mawa wa tsiku lomaliza. Ambiri amayambira ku Manhattan, nyumba zokongola zija n'kuzisiya kumbuyo. Kwerani A kapena C mukatsike pa High Street ku Brooklyn, muziyenda mobwerera, mzinda uli kutsogolo. Mlathowu unatsegulidwa mu 1883. Anaujambula ndi John Roebling, koma anamwalira ntchito isanayambe kwenikweni. Mwana wake Washington anadwala chifukwa chogwira ntchito pansi pa madzi, ndipo mkazi wa Washington, Emily, ndi amene ankapita pamalopo kukayang'anira mpaka unatha. Oyenda pansi ali ndi njira yawo ya matabwa pamwamba pa magalimoto, ndipo isanakwane 8 koloko anthu amakhala ochepa.

Pakatikati pa mlatho ndinapeza bambo ndi mayi achikulire akulimbana ndi foni, dzanja silikufika poti onse alowe. Ndinawakodola kuti ndiwajambule. Nditawabwezera foni, mayiwo anatambasula dzanja kufuna yanga, anandiimika pafupi ndi zingwe, n'kundijambula kasanu. Pa zithunzi zinayi chala chawo chinaphimba ngodya. Chachisanu ndi chimene ndinatumiza kunyumba.