Ometa wa kuseri kwa depoti ku Mchinji: dzanja labwino, koma musamuyambe za 50+1

Ichi ndi chaka chachitatu ndikumetetsa pa kababashopu kakuseri kwa depoti ya pa Mchinji boma. Magetsi akazima ntchito siima, pali sola ndi batire. Makina amawapukuta ndi spiriti munthu akangodzuka pampando, osati zija zongouzira ndi pakamwa. Tsitsi ndi ndevu ndimapereka K2,000.

Vuto ndi limodzi. Mnyamatayo akamva za zisankho, dzanja limaima, pakamwa n'kuyamba.

Loweruka lapitali madala ena ogula katundu ku Chipata anangoti 50+1, lamulo lija loti pulezidenti azipambana ndi mavoti oposa theka, n'kuwononga ndalama, poti pakasowa wodutsa theka timakavotanso kachiwiri. Basi, makina anazimitsidwa mutu wanga uli mbali imodzi.

"Madala, pepani, ndikuyankheni kaye," anatero, chipeso chili m'mwamba. Anawakumbutsa kuti mu 2014 a Peter Mutharika analowa ndi mavoti 36 okha pa 100 aliwonse, kutanthauza kuti ambiri anavotera ena. Mu 2019 kunalengezedwa 38, ndi Tippex pamwamba, mpaka khoti linafafaniza zotsatirazo pa 3 February 2020. Ngakhale kwa anzathu ku Zambia kumene madalawo amapita sabata iliyonse, 50+1 anaiyamba mu 2016.

Madala sanagonje. Akuti ku America mu 2016 Hillary Clinton anaposa Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni, koma mpando unapita kwa Trump chifukwa kumeneko amawerengera nthumwi za zigawo, ndipo dziko silinathe.

Ine, ndili chikhalire ndi nsalu pakhosi, ndinali mbali ya ometayo. Kungoti samanena zonse. Kufuna kudutsa theka n'kumene kumabala migwirizano yophika mothamanga ngati wa Tonse, womwe tinauona ukusweka. Ndiponso phungu mpaka lero amapita ku Nyumba ya Malamulo ngakhale atangoposa mnzake ndi voti imodzi, theka alipeze asalipeze. Sindinayankhule, lumo linali pafupi ndi khutu.

Ntchito ya mphindi 20 inatha ola lathunthu. Nditafika kunyumba mayi a ana anangondiyang'ana n'kufunsa ngati ndagwa pa kabaza: kumanzere kunali kokwera. Ndinabwererako Lolemba m'mawa kulibe anthu, anandikonza bwinobwino osalandira kanthu, akupepesa kuti "bwana, madala aja anandiputa."

Ndipitabe. Koma inu mukafike isanakwane 8 koloko, a bawo asanakhale pakhonde.