Sola ili bho koma mabatire ndi amene amadya ndalama, nyenyezi 4

Ndakhala ndi sola iyi zaka 4 tsopano ndiye ndati ndilembeko poti ambiri mumangofunsa kuti kodi ndalama zimabwerera liti. Tinaikitsa mapanelo 4 a 400W, inveta (kamakina kosintha mphamvu ya mapanelo ndi mabatire kukhala magetsi a mnyumba) ndi mabatire awiri a mtundu wa gel. Mkulu amene anatiikira uja anatenga pepala nkugawa mtengo wonse ndi zaka 25 za waranti, amvekere onani bwana, awa ndi magetsi aulere. Ine kumangovomera osadziwa kuti zaka 25zo ndi za mapanelo okha.

Mapanelowo ndilibe nawo dandaulo, mphamvu yake imatsika pafupifupi theka la peresenti pachaka moti simungazindikire nkomwe. Kungoti papepala 1.6kW kuchulukitsa ndi maola 5 a dzuwa ndi mayunitsi 8 patsiku, pomwe inveta yanga imaonetsa 6, mphamvu ina imathera mmawaya, mu invetamo, komanso mapanelo akatentha kwambiri amafooka. Fumbi nalonso silocheza, tsiku lina ndinakwera padenga ndi ndowa ndi kansanza, madzi amene ankatsika anali matope okhaokha ndipo mawa lake nambala ija inakwera.

Nkhani ili pa mabatire. Chaka chachitatu firiji inayamba kumazima cha mma 2 koloko usiku, inveta kumangolira tiii tiii mpaka mwana kudzuka, kufunsafunsa ndi pomwe ndinamva kuti a gel safuna kuwatsitsa kupitirira theka, pomwe ife tinkawakama mpaka kutheratu tsiku ndi tsiku, palibe anatiuzapo. Pano tinaika ya lithium, inatipweteka mthumba zedi koma imalola kugwiritsa ntchito mpaka 80% ya mphamvu yake ndipo imapirira kutchajidwa maulendo masauzande angapo. Inveta nayonso nthawi zambiri imakhala zaka 10 mpaka 15, ndiye ndikudziwiratu kuti ndidzagulanso.

Masamu ndimapanga chonchi tsopano, ndimaphatikiza mapanelo, ndalama ya oika, inveta kawiri ndi mabatire onse amene ndidzasinthe, kenako nkugawa ndi mayunitsi enieni. 6 patsiku ndi 2,190 pachaka, pa zaka 25 ndimangoti 50,000 poti mapanelo akukalamba. Yunitsi imodzi ikutuluka yodula kuposa ija ya papepala la mkulu uja, komabe kwa ine ikupindulabe. Chenjezo lina, muziwerenga mayunitsi amene mwagwiritsa ntchito, chifukwa batire ikadzadza 11 koloko kunyumba kulibe munthu mphamvu yotsalayo imangopita padera. Ife kusita ndi kupopa madzi tinakusamutsira masana pachifukwa chomwechi, madam poyamba ankanyinyirika koma anazolowera.

Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha oika aja, akanangondiuza za theka lija mabatire oyamba bwenzi alipobe.