Makapisozi a milk thistle "otsuka chiwindi": ife opopera mankhwala ku dimba tigule kapena ayi?

Kwa amene bandulo yatsala pang'ono ndineneretu, pa nyenyezi 5 ine ndikupereka 2 basi. Si kuti makapisoziwa ndi oipa ayi, koma zomwe amakamba ogulitsa ndi zomwe zili m'botolomo sizikugwirizana.

Ine ndimalima tomato ndi kabichi kuno ku Ntcheu nde sipuleya kumsana ndi za sabata ndi sabata, dimethoate, cypermethrin, Dithane kukachita chifunga, ndipo chibwerereni Tuta uja woboola tomato anthu tikuthira mankhwala mosawerengera. Alamu anga ndi amene anandikopa, akuti "alamu, poizoni mukupumayu amakathera ku chiwindi, gulani izi zizikutsukani". Poyambapo sananame, chiwindi ndi chomwe chimaphwanya mankhwala olowa m'thupi. Za kutsukazo ndi pomwe pali nkhani.

Ndinagula pa famase ina ku Lilongwe. Botolo ndi lomata bwino, deti yothera ntchito ikuoneka, apa palibe chodandaula. Makapisozi ake ndi akuluakulu ndithu, ukatsegula kamodzi muli ufa wachikasu wopita ku bulauni, wowawirako pa lilime. Poyamba m'mimba munkangolira ndi kutsegulako pang'ono kenako zinasiya zokha. Kusintha kwina sindinamve, komanso chiwindi sichilira msanga, munthu amatha kuyenda bwinobwino chikuwonongeka nde kungoti "ndikumva bho" si umboni wa chilichonse.

Chomwe chili mkatimo amati silymarin, amachotsa ku njere za milk thistle, chomera chaminga cha maluwa apepo chochokera cha ku Mediterranean. Si zachibwana kwenikweni, ku Germany kuli mankhwala otchedwa Legalon opangidwa ndi zomwezi, ndipo ku Ulaya munthu akadya bowa wakupha uja Amanita phalloides madokotala amamuika silibinin, mbali ya silymarin yemweyu, pa dripu. Koma imeneyo ndi dripu ya kuchipatala amwene, osati kapisozi womezera ndi tiyi, chifukwa silymarin ukamwa pakamwa wambiri salowa m'magazi amangodutsa.

Nanga kafukufuku amene amamutchula pa WhatsApp uja, woti silymarin amateteza chiwindi ku mankhwala opopera? Alipo, koma ndi wa makoswe. Amapatsa makoswe mankhwala ophera tizilombo ngati chlorpyrifos kapena malathion, manambala a m'magazi osonyeza kuvulala kwa chiwindi aja amati ALT ndi AST amakwera, ndiye gulu lina amalipatsanso silymarin kapena chammwamba, adyo, jinja, manambala aja n'kutsikako. Zoona zimenezo. Kungoti khoswe amamuyeza mlingo malinga ndi kulemera kwake kwa masabata ochepa mu labu, pomwe ine ndasenza sipuleya zaka, ndimasakaniza mitundu iwiri itatu mu thanki imodzi dzuwa likuswa mtengo. Pa anthu zotsatira zake sizosangalatsa, pa kafukufuku wa ku America yemwe anatuluka mu 2012 anayesa silymarin wambiri pa odwala hepatitis C ndipo ALT yawo sinatsike kuposa ya omwe ankamwa makapisozi opanda mankhwala. Ngakhale botolo langali kumbuyo kuli tizilembo tating'ono tonena kuti si mankhwala ochiza kapena kuteteza matenda aliwonse, wogulitsa sanandiwerengere pamenepo eti.

Chomwe chimandiopsa n'choti munthu akayamba kumwa izi amadziona ngati wavala zodzitetezera. Ndaona mnyamata wina wa ganyu akuvundula mankhwala mu ndowa ndi dzanja, kabudula yekha, nozo ikatseka akuuzira ndi pakamwa. Dimethoate sadikira kuti chiwindi chiwonongeke, amagwira mitsempha tsiku lomwelo, dovu kutuluka, thukuta, kusanza, kamwanadiso kuchepa, kubanika. Zikatero palibe kapisozi kapena mkaka womwe ungathandize, muvuleni zovala, msambitseni ndi sopo, thamangani naye kuchipatala akalandire atropine ndipo botolo la mankhwalawo litengeni adokotala akaone lebulo.

Komanso tisamangonamizira sipuleya yokha, chiwindi kuno chimatha ndi hepatitis B, kachasu, ndi chuku cha mtedza ndi chimanga. Amene ali ndi nkhawa bola akayezetse magazi a chiwindi ndi hepatitis B adziwe pomwe ali. Amene muli pa ma ARV, a TB kapena a shuga musangoyamba kumwa, funsani kaye kuchipatala.

Mtengo nawo ndi wowawa. Ndalama ya botolo limodzi la mwezi ndikanagula magolovesi a labala, masiki ndi kuwonjezerapo pang'ono pa magambuti, zinthu zoti poizoniyo asalowe n'komwe. Botolo ili likatha sindigulanso, ndalamayo ikupita ku chivindikiro ndi paipi ya sipuleya yanga yomwe ikumadonthera kumsana.