GBD Compare: tsamba loonetsa matenda amene akutha anthu, ubwino wake ndi pamene likuperewera

Munthu wofuna kudziwa matenda amene akupha anthu ambiri m'dziko linalake, kaya ndi mtolankhani, wophunzira za unamwino kapena wokonza mapulani a zaumoyo m'boma, kawirikawiri amatumizidwa ku tsamba la pa intaneti lotchedwa GBD Compare. Tsambali ndi laulere, ndipo eni ake ndi bungwe la Institute for Health Metrics and Evaluation la pa University of Washington mumzinda wa Seattle ku America, lomwe linakhazikitsidwa mu 2007 ndi thandizo la ndalama lochokera ku Bill & Melinda Gates Foundation. Ziwerengero zake zimachokera mu kafukufuku wamkulu wa Global Burden of Disease, amene m'gawo lake la 2021 anaunika mayiko ndi madera 204 komanso zoyambitsa imfa 288. Ndikuliona kuti ndi chida chamtengo wapatali, koma chofunika kuchigwira modziwa, chifukwa pali funso limodzi lalikulu limene sichiyankha.

Chokoma kwambiri pa tsambali ndi kaonetsedwe ka zinthu. Mukasankha dziko, chaka ndi msinkhu wa anthu, pamabwera chithunzi cha timabokosi tosiyana kukula, ndipo kabokosi kalikonse kamaimira nthenda imodzi; mukasankha kuona imfa, kukula kwake kumaonetsa kuchuluka kwa anthu amene nthendayo yapha. Tofiira ndi ta matenda opatsirana, a uchembere, a makanda ndi a kunyentchera. Tabuluu ndi ta matenda osapatsirana monga a mtima, shuga, sitiroko ndi khansa. Tobiriwira ndi ta ngozi ndi kuvulala. Ukasankha Malawi n'kumasuntha zaka kuyambira 1990, umaona bokosi la Edzi likukula mochititsa mantha, kenako likuphwa m'zaka zotsatira 2004, chaka chimene boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere. Pamene zofiira zikuchepa, zabuluu zikutenga malo mwakachetechete. Mphunzitsi akhoza kufotokoza zimenezi kwa ola lathunthu, koma pano wophunzira amaziona ndi maso ake m'kanthawi kochepa, ndipo pa mbali imeneyi sindikudziwapo tsamba lina loposa ili.

Pamene likuperewera ndi apa. Kuchuluka kwa anthu amene nthenda yapha n'kosiyana ndi kuopsa kwa nthendayo kwa munthu amene waidwala, ndipo GBD Compare imalankhula kwambiri za choyambacho. Chiwewe chimapha pafupifupi aliyense amene wayamba kuonetsa zizindikiro zake, koma popeza amene chimawapha pa dziko lonse ndi pafupifupi 59,000 pa chaka, kabokosi kake ndi kakang'ono kovuta kukapeza. Malungo ali mbali inayo: bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati mu 2022 panali odwala pafupifupi 249 miliyoni ndipo omwalira anali pafupifupi 608,000, kutanthauza kuti ochuluka zedi amachira, komabe maliro ake ndi osawerengeka chifukwa odwalawo ndi ambiri. Ebola imapha pafupifupi theka la oidwala, ngakhale kuti m'miliri yosiyanasiyana chiwerengerochi chakhala pakati pa anthu 25 ndi 90 pa 100 alionse. Wowerenga wosachenjezedwa akhoza kuchoka pa tsambali akuganiza kuti kulumidwa ndi galu ndi nkhani yaing'ono, pamene ndi nkhani yofuna kutsuka bala ndi sopo nthawi yomweyo ndi kuthamangira katemera tsiku lomwelo.

Kolera ndiye amaonetsa bwino chifukwa chake kusiyana kumeneku kuli kofunika kwa ife. Akatswiri amavomerezana kuti odwala akalandira madzi a Thanzi ORS kapena diripi mwachangu, omwalira sayenera kufika mmodzi pa 100 alionse. Pa mliri umene unayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022, anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira, zomwe ndi pafupifupi atatu pa 100 alionse. Chiwerengero chimenechi chikunena za mtunda wopita kuchipatala, za kufika mochedwa ndi za kuchuluka kwa odwala pa nthawi imodzi, osati za mphamvu ya kachilombo kokha. Ndi chiwerengero chimene khansala, mfumu kapena mlangizi wa zaumoyo angagwiritse ntchito pofunsa mafunso, koma kuti muchipeze muyenera kukachifuna m'malipoti a WHO kapena a Unduna wa Zaumoyo, popeza timabokosi tija sitinakonzedwere zimenezo.

Chinthu chachiwiri chofunika kuchidziwa ndi gwero la manambala. M'mayiko amene imfa iliyonse imalembedwa ndi dokotala pa chikalata, tsambali limayambira pa kaundula weniweni. Kwathu anthu ambiri amamwalirira kunyumba ndi kuikidwa m'manda popanda wodziwa zachipatala kulemba chimene chawapha, choncho akatswiri amadalira akafukufuku a m'makomo, malipoti a zipatala, njira yofunsa achibale za mmene womwalirayo anadwalira, monga zimachitikira m'dera la kafukufuku la Chilumba ku Karonga, komanso masamu oyerekezera ndi mayiko ofanana nafe. Ngakhale m'chipatala momwe, kudziwa chopha munthu si chinthu chapafupi. Kafukufuku amene katswiri wa malungo Terrie Taylor ndi anzake anachita ku Blantyre ndi kumusindikiza mu 2004 anapeza kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atamwalira ndi matenda ena. Eni tsambali sabisa zimenezi, chifukwa amapereka malire a m'munsi ndi a m'mwamba a chiwerengero chilichonse, koma malirewo saonekera msanga ngati timabokosi, ndipo n'zosavuta kuti munthu akopere nambala yapakati n'kuilemba m'nyuzipepala ngati kuti wina anawerenga manda amodziamodzi. Komanso gawo latsopano la kafukufukuyu likatuluka, ziwerengero za zaka zakale zimawerengedwanso, motero si bwino kusakaniza manambala a magawo awiri osiyana.

Pa kagwiritsidwe ntchito, tsambali linapangidwira kompyuta. Pa foni timabokosi timapanikizana, mayina a matenda amadukizidwa, ndipo limafuna netiweki yolimba ndi bando yokwanira. Chichewa mulibe, ndipo mayina a matenda ndi a Chingerezi cha madokotala, moti chibayo muyenera kuchifuna pansi pa dzina la gulu la matenda a m'mapapo.

Ndikulilimbikitsa kwa aphunzitsi a m'sukulu za zaumoyo, atolankhani ndi ogwira ntchito m'mabungwe, malinga ngati akulemba momveka kuti ziwerengerozo ndi zoyerekezera ndi kutchula chaka cha gawo limene agwiritsa ntchito. Munthu amene m'bale wake wapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero kapena chifuwa chachikulu cha TB, ndipo akufuna kudziwa mwayi wake wochira, asapite kumeneku, chifukwa yankho lake limadalira pamene nthendayo yafika, matenda ena amene wodwalayo ali nawo ndi chithandizo chimene chilipo, ndipo wodziwa zimenezo ndi dokotala amene akumuona.