Miyezi 8 ndili ndi kachigayo ka khofi ka 1Zpresso Q2: zomwe ndaona

Ntchito yanga ndi yoyendayenda, moti pa mwezi ndimagona kunja kwa nyumba masiku pafupifupi 10. Chomwe chinkandisowetsa mtendere paulendo ndi khofi wam'mawa. Kunyumba ndinazolowera kugaya njere ndekha, ndiye kufika m'malo ogona alendo n'kupeza timapaketi tongosungunula m'madzi, tsiku linkayamba mosakoma. N'chifukwa chake ndinagula kachigayo kamanja ka 1Zpresso Q2. Ndakagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kwa miyezi 8, ndipo ndikukapatsa nyenyezi 5.

Ndiyambe ndi kachigayo kamene ndinali nako kale, chifukwa ndi komwe kanandiphunzitsa choyenera kuyang'ana pogula. Dzina lake sinditchula. Kanali ndi mano a seramiki, ndipo chitsulo chake chapakati, chomwe chimazunguza mano, chinkagwira kumtunda kokha. Popukusa, mano ankagwedera uku ndi uku. Ufa unkatuluka wosakanikirana: fumbi losalala kwambiri mbali ina, zibenthu zikuluzikulu mbali ina. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti vuto lagona pamenepo. Ndinkasintha njere, kusintha katenthedwe ka madzi, kusintha mapepala osefera, koma khofi ankangotuluka wowawa ndi wowawasa m'kapu imodzi yomweyo.

Chimachitika ndi ichi. Madzi otentha akadutsa mu ufa, tinthu tosalala timatulutsa zonse zomwe tili nazo mofulumira, mpaka kuyamba kutulutsa kuwawa. Zibenthu zazikulu madzi sazilowerera mokwanira, ndiye zimangopereka kuwawasa, kukoma kwenikweni kukutsalira mkati. Fumbi lija limatsekanso pepala losefera, madzi n'kumachedwa kutsika, kuwawa n'kumawonjezeka. Choncho ntchito yaikulu ya chigayo ndi kutulutsa ufa wofanana kukula kwake. Maonekedwe, mtundu wa utoto ndi kathumba kosungiramo zimabwera pambuyo.

Apa ndi pomwe Q2 kanandigwira mtima. Mano ake ndi achitsulo, a mamilimita 38, ndipo ndi akuthwa moti amadula njere m'malo moziphwanya. Chitsulo chapakati chimakhala pa mabeyaring'i awiri, ndiye sichigwedera ngakhale pang'ono. Tsiku loyamba ndinathira ufa pa pepala loyera n'kuuyang'anitsitsa: unali ngati mchenga wosefedwa. Njere zomwezo zimene ndinkaziona ngati zachabechabe zinayamba kumveka kutsekemera, ndi kafungo ka zipatso kamene ndinali ndisanakamvepo. Zinandikhudza ndithu, poganiza kuti alimi ndi okazinga anagwira bwino ntchito yawo, chigayo changa ndicho chinkaiwononga.

Kasinthidwe ka ufa ndi kosavuta mukangozolowera. Mumachotsa kachitini kolandirira ufa, pansi pake pali kagudumu komwe mukakatembenuza kamalira kuti "tiki". Kuti kazungulire kamodzi pamafunika matiki 30, ndipo tiki iliyonse imasuntha mano ndi gawo limodzi mwa magawo 40 a milimita. Mumayamba mwamanga mpaka mano atakhudzana, kenaka n'kumamasula mukuwerenga. Musapukuse mano ali okhudzana choncho, mungawabunthitse. Ine pa AeroPress (chophikira khofi chomwe mumakankha madzi kudutsa mu ufa ngati jakisoni) ndimamasula kuzungulira kamodzi ndi theka, pa V60 (chosefera chooneka ngati fanelo, choikamo pepala) ndimaonjezera pang'ono, ndipo pa French press (jagi yokhala ndi sefa yokankhira pansi) ndimapitirira kuzungulira kawiri kuti ufa ukhale wokhakhala. Manambala amenewa ndi a ine ndi njere zanga, inu mudzapeza anu. Khofi akawawa, masulani matiki awiri kapena atatu. Akawawasa, mangani. Ndimalemba zimenezi m'kabuku, chifukwa njere zatsopano zilizonse zimafuna kusintha pang'ono.

Za paulendo, chomwe chinandisangalatsa kwambiri n'choti mukachotsa chopukusira, kachigayo konse kamalowa m'kati mwa chokankhira cha AeroPress. Chipangizo chimenechi, chomwe Alan Adler anatulutsa mu 2005, n'chapulasitiki ndipo sichisweka msanga, ndiye ziwirizi zikaphatikizana zimatenga malo ochepa ngati botolo laling'ono la madzi. Thupi la kachigayoka ndi la aluminiyamu, palibe galasi loti n'kuphwanyika m'chikwama. Sikafuna magetsi, komanso phokoso lake ndi lochepa, moti ndimagaya mbandakucha anzanga a chipinda choyandikana osadzuka.

Magalamu 15 ndimawamaliza mphindi imodzi isanakwane. Njere zokazinga pang'ono zimakhala zolimba, zimafuna mphamvu, pamene zokazinga kwambiri zimaphwanyika mosavuta. Ndaona kuti kukapendeketsa pang'ono popukusa kumathandiza, chifukwa njere zimatsikira m'mano pang'onopang'ono.

Koma ndikuuzeni mosabisa, musanagule dzifunseni kuti mumaphika makapu angati nthawi imodzi. Kachigayoka kanapangidwira munthu mmodzi. Kamalowa magalamu apakati pa 15 ndi 20, omwe ndi kapu imodzi yabwino. Ine ndimathira magalamu 15 pa madzi okwana mamililita 250. Kwa ine paulendo n'zokwanira. Kunyumba kukabwera alendo atatu, ndiye kuti ndigaya katatu kapena kanayi. Ngati m'banja mwanu nonse mumamwa khofi, yang'anani chigayo chokulirapo, monga Comandante C40 cha ku Germany, kapena zina za 1Zpresso zomwe gudumu lake losinthira lili kunja, zoti mumasintha osatsegula chilichonse. Dziwani kuti zimenezo n'zolemera ndipo sizilowa mu AeroPress. Chimodzimodzinso okonda espresso: khofi ameneyu amafuna ufa wosalala kwambiri, ndipo kusintha kwakung'ono kumamveka m'kapu, ndiye pamafunika chigayo cha matiki oyandikana kwambiri, chopangidwira ntchito imeneyo.

Nyengo ikauma, ufa wa khofi umakonda kumatirira m'mbali mwa chigayo chilichonse. Njira yake ndi yophweka: nyowetsani chogwirira cha supuni, mutakase nacho njere musanazithire. Kadontho kamodzi basi, osapitirira.

Pokonza, madzi ndi sopo ayi. Burashi yaing'ono ndi yokwanira. Ine ndimakamasula konse kamodzi pa mwezi kuti ndichotse ufa ndi mafuta a khofi omwe amakakamira m'mano, poti akakhalitsa amasasa n'kuwononga kukoma. Sipafunika sipanala kapena sikuludiraiva, zonse zimamasuka ndi manja. Ndikulangizeni kuti muzindandalika tizidutswa pa tebulo monga momwe mwatichotsera, makamaka kasipuling'i ndi tiwashala, ndipo ulendo woyamba mujambule ndi foni musanayambe kubwezeretsa. Mukamaliza, yambaninso kuwerenga matiki kuchokera pomwe mano akhudzana.

Ndikamanyamuka ulendo, ndimayezeratu njere pa sikelo kunyumba, magalamu 15 m'kabotolo kalikonse, timabotolo tokwana masiku omwe ndikakhale. Sikelo imatsala, chikwama chimapepuka. Mukamakwera ndege, kachigayo kaikeni pamwamba m'chikwama, chifukwa kawiri konse achitetezo a pabwalo la ndege anandipempha kuti nditsegule aone kuti kachitsulo kameneka n'kachiyani. Ulendo wachiwiri bambo amene ankasecha anatsegula kachitini kapansi, n'kununkhiza, kenaka n'kundifunsa kuti kamagaya bwanji. Ndinawaonetsa pomwepo.