Maola 40 a mwana wanga kothandiza othawa kwawo ku Hamilton

Kuno ku Ontario mwana salandira satifiketi ya sekondale asanagwire ntchito yongodzipereka kwa maola 40. Ena amakathera maolawa ku laibulale. Wanga wachisamba adasankha bungwe lina muno mu Hamilton lomwe limalandira mabanja othawa kwawo amene boma la Canada lawabweretsa kudzakhazikika. Makolo anzanga mwakhala mukundifunsa ngati nanunso mungatumizeko wanu.

Chomwe ndawayamikira n'chakuti nthawi zambiri ana amawapatsa ntchito ya msinkhu wawo. Loweruka m'mawa amasanja majekete, magolovesi ndi nsapato za m'chisanu potengera saizi. Masana amakwera basi ndi ana a mabanja atsopanowo, kuwasonyeza pogunditsa khadi ya Presto yolipirira basi, chingwe chokoka ukafuna kutsika, ndi chipata cha sukulu yawo. Kwa mnzake mwana amamasuka, amafunsa ngakhale zimene akanachita nazo manyazi pamaso pa wamkulu wa mu ofesi, monga katsegulidwe ka loko wa kabati ya kusukulu.

Banja lina la ku Congo lidakhala zaka zambiri ku Dzaleka, ku Dowa, ndipo ana ake adabadwira komweko. Chichewa chawo n'chakupsa, wanga akuchepa. Kamnyamata kawo katamumva akundiyankha pafoni kadalumpha: "Aunt, inu ndinu a ku Malawi?" Kuyambira pamenepo homuweki ya masamu idayamba kuyenda, nthabwala zili m'kati.

Dandaulo langa lidachokera pomwepo. Ogwira ntchito ataona kuti akumvana ndi banjalo, adayamba kumuitana kuti azimasulira akuluakulu. Tsiku lina adamupatsa kalata ya ngongole, poti ambiri obwera mwa njira imeneyi amabweza ku boma ndalama za ndege, kuti awafotokozere bambo a m'banjamo, n'kuwauzanso kuti thandizo la mwezi ndi mwezi limatha pakapita miyezi 12. Mtsikana wa zaka 16 kuuza munthu wamsinkhu wa bambo ake za ngongole! Bambowo adangoti "Zikomo mwanawe", maso ali pansi. Usiku umenewo wanga nsima sadaikhudze. Lolemba ndidapita ndekha ku ofesi. Adandimvera bwino, adapepesa, ndipo nkhani zotere tsopano amaitanira womasulira wa Chiswahili wolipidwa.

China chomwe sichinakonzeke ndi ana odzipereka amene amasowa fomu yotsimikizira maola awo ikangosainidwa. Mwana wobwera kumene wangoyamba kuzolowera munthu, sabata yotsatira akupeza nkhope ina. Bungweli likanamapempha kuti aliyense amalize teremu yonse.

Tumizani wanu, koma mukalembetse sukulu zikangotsegulira mu Seputembala, malo amatha msanga. Tsiku loyambalo mupite naye, mukanene mosabisa kuti za chipatala ndi za ndalama asamamupatse kuti amasulire.