Joni, Britain kapena Morocco: boma liti limabwezadi ndalama za filimu?

Chiyambireni ntchito yokonza mabajeti a mafilimu kuno ku Cape Town, anzanga mwandifunsa kambirimbiri pa WhatsApp kuti ndi boma liti limabweza ndalama zambiri munthu akajambula filimu m'dziko mwake. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye werengani pano.

Papepala South Africa imalonjeza kubweza 25 peresenti ya ndalama zomwe makampani akunja agwiritsa ntchito m'dzikomo, Morocco 30 kuyambira 2022, Britain 34, Mauritius mpaka 40. Mukangoona manambalawa mungathamangire ku Mauritius, koma kumbukirani kuti kaja n'kachilumba, zida zambiri ndi akatswiri muyenera kubwera nawo pandege. Morocco ndi yabwino ngati nkhani yanu ikufuna chipululu cha ku Ouarzazate, basi.

Britain ndi komwe ndinapsa, ndipo wolakwa ndinali ndekha. Dongosolo lawo lobwezera ndalama za mafilimu, lotchedwa AVEC, linayamba mu January 2024. Ine nditaona 34 peresenti, pa bajeti ya £1 miliyoni ndinalemba kuti tibwezeredwa £340,000, nkutumiza monyadira. Pamsonkhano wa pa Zoom, mayi wina wachikulire, akauntanti wa anzathu a ku London, anavula magalasi nkundifunsa mofatsa kuti, "Nanga msonkho mwauika pati?" Ndinangoti kakasi.

Nkhani yake ili motere. Choyamba, sawerengera ndalama zonse zomwe mwagwiritsa ntchito, amalekezera pa 80 peresenti, ndiye pa miliyoni ija amayambira pa £800,000. Mukawerengera 34 peresenti ya ndalamayi mupeza £272,000. Kenako ndalama imeneyi nayonso amaidula msonkho wa makampani wa 25 peresenti, nkutsala £204,000. Ndiye kuti bajeti yanga inali ndi dzenje la £136,000, ndipo masiku ena ojambula tinachita kuwafafaniza. Mpaka lero ndikaona "34" mtima umandiwawa. Mafilimu ang'onoang'ono, osapitirira £23.5 miliyoni, ali ndi mwayi wa 53 peresenti pa £15 miliyoni yoyambirira, koma lumo lake ndi lomwelo, ndipo filimuyo iyenera kuvomerezedwa kaye ndi BFI, bungwe lawo loona za mafilimu, kuti ndi ya ku Britain.

Komabe chilungamo ndinene: a HMRC, otolera misonkho ku Britain, akaona kuti mapepala ali bwino, amalipira. Ichi n'chifukwa chake mabanki amalola kukukongozani ndalamazo pasadakhale, ngakhale chiwongoladzanja chimadyakonso pamenepo.

Kuno ku Joni ndiye kwavuta. Ndalamazi zimadzera ku unduna wa zamalonda, DTIC, ndipo filimu imodzi siingalandire zoposa R25 miliyoni, zomwe kwa filimu yaikulu ndi mchere chabe. Choipitsitsa n'kuchedwa. Mu February 2025 opanga mafilimu anachita zionetsero ku Pretoria chifukwa mapempho awo ankangokhala osayankhidwa, ena osalipidwa. Wobwereka ndalama podalira lonjezo lotere, ngongole imangokula ali chidikirire. Ndipo filimu ikathawira dziko lina, woyamba kugona ndi njala si bwana ayi, koma dalaivala, kalipentala wokhoma seti, ndi mayi wophikira anthu pamalo ojambulira, ena mwa iwo ndi abale athu ochokera kumudzi.

Nanga ndisankha kuti? Ndikudziwa munena kuti ndikukondera poti ndimadya kuno, ndipo sindikana. Ku Cape Town Film Studios ndi komwe anamanga zombo za One Piece ya Netflix. Amisiri ake ndi odziwa ntchito, randi ndi yotsika poyerekeza ndi paundi, ndipo nyanja, mapiri ndi tauni zonse mumazifika m'mawa umodzi. Ngati ndalama zanu n'zongongola ndipo mukufuna kudziwa tsiku lobweza, pitani ku Britain, muwerengere 20 osati 34. Mukabwera kuno ndikulandirani ndi manja awiri, koma pamzere wa ndalama zochokera ku boma ndikulemberani ziro kufikira tsiku lomwe zidzalowe mu akaunti.